Kabotolo Kamene Ndinakhuthulira mu Sinki

Lolemba, 4 Ogasiti

Foni yandikumbutsa zimene ndinalemba pa tsamba langa zaka zitatu zapitazo. Anaipempha ndani? Chithunzi cha kabotolo kabulauni pambali pa mashini anga osokera. Pansi pake mawu anga: "Mwana wanga wabweretsa mafuta a chamba m'nyumba, akuti ndi mankhwala a bambo ake. Ndipempherereni." Anthu 214 anaikapo chala choyamikira. Ndawerenga ndemanga zonse. Singano yathyoka kawiri.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Gulu lathu la kwaya la pa foni latekeseka ndi kavidiyo ka dokotala wina. Chamba, ululu wa khansa, lamulo lisinthe. Wotsogolera kuwomba m'manja ndi mayi wapampando: "Tisamaweruze amayi, dziko lasintha." Omwe aja anandilembera kuti, "Tayani msanga, ndi satana ameneyo." Ndipo ndinatayadi. Mu sinki, mpopi uli chitsegulire, amuna anga akumva ali kuchipinda.

Masana mayiwo anabwera kudzayesa diresi. Mwayi wawo, m'kamwa mwanga munali mapini.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Kaya mafutawo akanathandiza, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti amuna anga ankaluma pilo kuti ndisamve kubuula. Tsiku lija anangoti, "Mukanamusiya mwana ayese." Sanabwerezenso. Patapita miyezi iwiri tinawaika m'manda.

Mwanayo ntchito ya ku famase, kogulitsa mankhwala, inamuthera. Wina anatumizira bwana wake zimene ndinalemba. Bambo ake ankamutcha Adokotala kuyambira ali kamwana, akumata zidole pulasitala. Pa maliro sanandiyang'ane. Mpaka lero, zii. Ndamusowa. Mtima ukuwawa.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Ndawafunsa mayi wapampando panja pa tchalitchi. Aseka. "Ine ndinatero? Aaa, za pa foni zija mumazisunga?"

Kwa iwo zinali za pa foni. Kwa ine mwamuna ndi mwana.

Koma ndisawanamizire. Dzanja linatsegula kabotolo ndi langa. Ndinkaopa kuti anthu ati chiyani, ndipo anthuwo anaiwala kalekale.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Masiku onsewa chala pa "fufuta", osadina. Lero m'malo mofufuta ndalemba pansi pa chithunzi chija kuti ndinalakwira mwana wanga pamaso pa anthu, ndiye ndikupepesanso pamaso pa anthu. Pofika masana zala 190. Anthu ake omwe aja. Anayamikira kulakwa, ayamikiranso kulapa, mwina osawerenga n'komwe. Ndafufuza mayina onse kawiri. Lake palibe.

Ndine chitsiru. Ndabwerezanso zomwe zija, kulankhula ndi gulu m'malo molankhula ndi mwana.

Loweruka, 23 Ogasiti

M'mawa ndamulembera iye yekha. Nambala sanasinthe. "Adokotala, ndinalakwa. Kwa iwe ndi kwa bambo ako."

Timizere tiwiri ta pansi pa uthenga tasanduka tabuluu nthawi yomweyo, kusonyeza kuti wawerenga. Ndaika foni pa mashini, ndikusoka mpendero wa siketi ya eni ake diso lili pomwepo. Mpendero wapita mokhota.

Patha ola. Yankho: "Dzina limenelo ndi la adadi. Musalitchule."

Ndalira, osabisa. Kasitomala wabwerera pakhomo.

Komabe m'zaka zitatu, awa ndi mawu ake oyamba. Foni ikuonetsa kuti akulembanso. Wasiya. Wayambanso. Ndazimitsa mashini kuti ndimve uthenga ukalowa.