Mchombo wa Mdzukulu Wanu

Mpulungu, Zambia
Januwale 1997

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lakulolani kuwokera mpunga chaka chino. Tione, ndikudziwa kuti wowawerengera ndiwe. Werenga pang'onopang'ono, usadumphe mizere monga umachitira ukamafuna kuthamangira kudoko.

Musade nkhawa ndi zimene mukumva pa wailesi. Ku Zaire tinachokako, tili moyo, ndipo tili kuno ku Mpulungu, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Nkhani ina ndi yakuti muli ndi mdzukulu wamkazi. Mphuno ndi ya bambo ake, Stefano, koma kulira mokalipa ndi kwa kwathu ku Chia.

Anabadwa nkhondo ikuyandikira. Kwathu tinasintha boma ndi chala choviika mu inki, koma kumeneko akusintha ndi mfuti. Asilikali othawa kumpoto anayamba kufika pa mishoni pamene tinkakhala n'kumatenga mankhwala, matiresi, ngakhale mbuzi za odwala. Akuluakulu a mpingo anatumiza uthenga kuti amishonale onse atuluke m'dzikomo, aliyense ndi chikwama chimodzi.

Mayi Keti mukuwakumbukira, nesi wachizungu uja ananditenga ku Nkhotakota kuti ndizikawathandiza kuchipatala cha mishoni ku Zaire, amene ankadya kondowole wanu ndi supuni. Iwo anakana kuchoka. Anati amuna awo agona kuseri kwa tchalitchi ndipo sangawasiye okha. Stefano anawauza kuti saliza injini ya boti la mishoni iwo asanakwere, ndiye kuti ine ndi khanda tikhalanso pomwepo. Anatikalipira kuti tawapanikiza. Kenaka anapita kumanda kuja, nazula udzu wonse, nabwera ndi chikwama chawo.

Ine ndinali ndikadali m'chikuta, mchombo wa mwana usanagwe. Ndikudziwa, Amayi, kuti khanda lotero silituluka pakhomo. Ndinalira potuluka nalo, ndipo ndinalifunditsa chitenje chija munandipatsa kuti maso a anthu asalione.

Mchombowo unagwera m'boti, tili pakati pa nyanja. Mayi Keti, ndi unesi wawo uja, anautola ndi thonje n'kutambasula dzanja kuti auponye m'madzi. Ndinawagwira mkono mwamphamvu moti zikhadabo zanga zinawasiyira mabala. Abereketsa amayi osawerengeka, koma sankadziwa kumene timapita nako kanthu kameneka, poti amayi amatuluka m'chipatala kasanagwe.

Ndinawafotokozera kuti kwawo kwa munthu ndi kumene kunakwiriridwa mchombo wake. Anabweza dzanja lija. Kenaka anati wawo sakudziwa kumene uli, ndipo ku Ulaya kumene akupita kulibe wowadikirira pakhomo. Anatulutsa kachitini kamene ankasungiramo mphete ya malemu amuna awo. Mpheteyo anaivala ku chala chachikulu, kachitiniko n'kundipatsa kuti ndisungiremo mchombowo. Anakwera galimoto ya ku Lusaka sabata yatha, ndipo ndikuwasowa kwambiri.

Kuno tikugona m'kalasi pa sukulu ya mpingo. Kapenta alipo koma safika pa usipa wathu, ndipo udzudzu wake ndi wopanda ulemu. Mwana akuyamwa bwino. Tamva kuti posachedwapa anthu a ku Zaire awasamutsira ku kampu ya othawa nkhondo. Azakhali ake a Stefano, amene tinawoloka nawo, akuti ndingokwirira mchombowo kuseri kwa kalasi, nkhani ithe. Ndakana. Sindifuna mwana wanga adzakule akuloza malo amene anthu anangogonapo podutsa.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Kachitiniko kali ndi a Dyton a ku Dwangwa, adalaivala a lole amene akupatsani kalatayi. Mukakwirire mchombowo patsinde pa mango aja a kuseri kwa nkhokwe, pamene pali wanga ndi wa Tione.

Sindinaiwale mawu anu, akuti mkamwini amene ankhoswe ake simunawaone simumudziwa. Simunalakwe. Koma mudzi wa Stefano wabalalika, ndipo amalume ake amene akanabwera kudzaonekera sitikudziwa kumene athawira. Munthuyu ndi wofatsa, ukonde ndi injini amazidziwa, khasu lokha ndiye mudzamuphunzitsa nokha. Paja mumati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Iye akuti sangaponde pakhomo panu musanamuitane, ndipo ine sindingamusiye kuti apite ku kampu yekha. Mukakwirira, tidziwa kuti mwatiitana tonse atatu. Mukaona kuti simungathe, mubweze kachitiniko kwa a Dyton, adzabwera nako pobwerera. Zidzandipweteka, koma sindidzakusungirani mangawa.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, azakhali a ku Malengachanzi, alamu anga ndi ana onse. Tione, uwasamale amayi, usawalole kulowa m'dambo bondo likatupa.

Dzina mwanayu sitinamupatse. Mayi Keti anali ndi lawo, azakhali ake a Stefano nawonso ali ndi lawo, koma onse ndawauza kuti wotcha dzina alipo ku Chia. Pakadali pano tikungomuitana kuti Iwe, ndipo ndikuona ngati wayamba kucheuka akamva. Fulumirani, Amayi, angazolowere.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Rahila