Mpunga wa Mbali Inayo

Okondedwa asuweni a Van Ceu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Malaysia kumeneko. Kuno ku Hakha tilipo, kungoti thupi latopa. Mvula yagumulanso msewu, koma chimanga chachitako bwino.

Mpingo wathu udakali pawiri chifukwa cha ng'oma ija. A mbali inayo akuti iziimbidwa m'tchalitchi, ife tikuti ayi. Lamlungu abusa analalikira kuti ophunzira a Yesu amadziwika ndi chikondi. Tonse tinati ameni, aliyense akuponya diso mbali inayo.

Amuna anga, a Biak Thang, akudwala kwambiri, sakudzukabe. Amayi a mbali yathu anabwera kamodzi, anapemphera mokweza, n'kumapita. Mpunga uja timatapa dzanja limodzi pophika n'kusungira Mulungu, akuti chaka chino ugulitsidwa kuti agule malata a tchalitchi.

Lachitatu kunatulukira a Sui Hnem, oimba ng'oma aja, amene sindinawapatse moni zaka ziwiri. Anatula thumba la mpunga wa mbali yawo, n'kunyamula zofunda zonunkha kuti akachape.

"Musandithokoze, mayi a Par," anatero, pondiitana ndi dzina la mwana wanga. "Ndidakali wokwiya nanu. Sopo ali kuti?"

Tsopano akumabwera tsiku lililonse. Timakangana za ng'oma uku tikutembenuza wodwala. Dzulo anabwera ndi ulusi wofiira, n'kuyamba kuwomba nsalu pakhonde, yaikulu, yonga ija tinafunditsa bambo anu tsiku la maliro awo. Sindinafunse kuti ndi ya ndani.

Ngati abwana angakupatseni tchuthi, musadikire Khirisimasi.

Ndine msuweni wanu,
Tial Cin