Khasu la Amayi M'munda wa Kafukufuku

Katuli, Mangochi
14 Januwale

Achemwali a Shakila,

Salaamu aleikumu. Muli bwanji ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi ana? Chifuwa cha Esime chinatha? Kuno tili bwino, kupatula ine amene ndasanduka wapolisi m'munda mwa amayi anga omwe.

Paja mukudziwa kuti digiri yanga yachiwiri yatsamira pa kafukufuku uja, woona ngati madzi oviikamo mapesi a mapira ndi masamba a mpendadzuwa angafooketse udzu m'malo mwa mankhwala a m'sitolo. Munda wa chimanga ndinaugawa pawiri. Mbali ina ndimapopera, inayo ndinaisiya dala kuti ndiziyerekeza. Ndinapempha kuti khasu lisalowemo konse.

Amalume a Ibrahimu anati sukulu yonse ija yangondiphunzitsa kuphikira udzu tiyi. Amayi anamva zonsezi.

Lero mbali yopoperayo yayera ngati bwalo la mzikiti. Mabuku amati udzu umangochepa, osati kusowa ndi mizu yomwe. Ndiponso sindinawerengepo kuti madzi a mapira amabandira mizere, kenako n'kuunjika udzu bwinobwino pansi pa mtengo wa mango. Dzana ndinapezamo mapazi ang'onoang'ono, chala chachikulu chopindika ngati cha munthu wina amene anatibereka.

Nditawafunsa, anati akatha kupemphera swala ya m'mawa amangopita kukathyola nkhwani. Za matope a pa khasu anati amene analibwereka ndi a Ajira oyandikana nafe aja. A Ajira amenewo anatupa mwendo, mwezi wonse uno sanatuluke pakhomo. Pomaliza amayi anandiyamikira kuti mankhwala anga ndi oopsa, maso ali kumbali.

Aphunzitsi anga adzabwera mwezi wamawa kudzaona mundawu. Ndikalemba zimene zikuonekazi ndiye kuti ndanama, ndipo akangozindikira, digiri yapita.

Chonde, achemwali, aitanireni kwanuko milungu inayi yokha. Nenani kuti Esime akulilira agogo ake. Inu amakumverani, ine amangondimvera chisoni.

Ndiulule: ndikuopa kuti akangochoka, udzu udzabwera wonse ndi abale ake, ndipo amalume adzaseka mpaka Ramadhani. Komabe bola andiseke ndi udzu wanga kusiyana n'kundiombera m'manja pa thukuta la amayi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni ndi moyo.

Ndine mlongo wanu,
Uladi