Khasu la chitsulo cha malire

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Kabwata tilipo. Mvula inachedwa, chimanga cha kuseri kwa nyumba sichinabereke, koma maungu ayanga mpaka kumpanda. Mwana wanu Yotamu ali ndi khanda lalikazi ku Chelstone. Mphuno ndi yanu.

Nkhani ili pa khasu lanu lija. Paja munkatiuza kuti Angelezi ndi Apwitikizi ankalimbirana dziko la kwathu ngati nyama yofa yokha. Awa akabwera, akhoma chitsulo m'munda mwa agogo anu, ati malire ndi apa. Awo akabwera, akhoma chawo patsogolo pake. Agogo anazula zonse ziwiri napita nazo kwa wosula. Anakwapulidwa mpaka msana sunawongokenso, koma zitsulozo zinali zitasanduka kale makasu. Lotsala ndi ili munabwera nalo ku Lusaka.

Yotamu, pakamwa pake mukupadziwa, anaikamba nkhaniyi kuntchito. Tsopano azungu awiri ogula zinthu zakale akulifuna, wina wa ku Kabulonga, wina wa ku Woodlands. Aliyense akuti mnzakeyo ndi kamberembere. Wina akuti aliika m'bokosi lagalasi, wina akuti alitumiza kunja. Onse amaimbira foni Yotamu. Ine amene ndimalimira khasulo sanandifunse.

Yotamu akuti tiligulitse, koma sindikumuda, khanda limafuna zambiri. Ndipo pena akunena zoona. Khasulo latha, latsala ngati chikhatho. Ndinapita nalo kwa wowotcherera zitsulo kumsika wa Soweto, anangopukusa mutu. M'galasi likhoza kukhalitsa mpaka zidzukulutudzi zidzalione. M'manja mwanga silimaliza dzinja likubwerali.

Inu munkati khasu lopachika limadyedwa ndi dzimbiri, lolima limadyedwa ndi nthaka. Dzulo Yotamu anabwera pa galimoto ya mzungu wa ku Kabulonga uja kudzalitenga. Anandipeza ndikupalira nalo maungu, ine sindinaweramuke. Anaima pang'ono, kenako anabwerera osatsanzika. Lero wanditumizira mawu akuti ndisavutike kupita kukaona mwana. Zimenezi zandipweteka, Amayi, poti chitisiyireni inu tinatsala awiri okha.

Komabe khasuli silichoka pakhomo pano. Ndikukulonjezani kuti lidzathera m'nthaka, ndipo tsiku limene lidzathyoke, woyamba kumuuza mudzakhala inu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyanjane