Kangaude wa Pansi pa Mango Anu

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Khalani tsonga, chifukwa amene akukulemberaniyu si munthu wamba. Ndine Fanuwelo mwana wanu, mwinimbumba wa pakhomo pano pa Liwaladzi, amene ndinafika Sitandade 5 aphunzitsi n'kundichonderera kuti ndikapume. Chaka chino ndakwezedwanso pa udindo: ndine mlonda wamkulu wa zinyalala. Musaseke, ndifotokoza.

Kuno tilipo. Mpunga wachita bwino kudambo kuja, koma chinangwa cha kumunsi chinawola nyanja itakwera. Kwa mlongo wanga Esitere kwabadwa mdzukulu wina, wamwamuna, mphuno ngati ya amalume aja, ndiye tikungopemphera. Ine diso lamanzere lachita ng'ala, moti akazi onse a m'mudzi muno akongola. Chiliza chanu tamanga tsopano. Tachedwa, inde, koma tinkadziwa kuti simuchokapo.

Nkhani yeniyeni ndi ya Tadala, mdzukulu wanga. Simunamuone, anabadwa inu mutapita. Tinamutumiza kuyunivesite tikuti atibwerera dokotala kapena woweruza milandu. Amayi, mwanayu akuphunzira akangaude. Akanakhala aja akuluakulu a kudenga, oyenda ngati nyumba ndi yawo, bwenzi ndikuti chabwino. Ake ndi tizinthu tochepa ngati njere ya chitowe, tokhala m'masamba owola, tosaluka n'komwe ukonde. Kangaude wosaluka! Ndiye anabadwiranji? N'chimodzimodzi amuna aja a padoko, opanda bwato, ongonunkha usipa wa anzawo.

Tadala anabwera ndi sefa ndi nsalu yoyera n'kukagwada pansi pa mango anu, pabwalo lanu lakale lija. Chigwereni nyumba yanu palibe amasesapo, masamba anangounjikana. Mwana wamaphunziro, kusefa zinyalala ngati ufa wa kondoole! Anthu odutsa ankandifunsa kuti, “A Fanuwelo, mdzukulu wanu wataya ndolo?” Zogwera pansalupo amazitola ndi kaburashi n'kuziponya m'timabotolo ta sipiliti.

Tsiku lina anandionetsa kamodzi pa makina ake okulitsa zinthu. Ndinatsinzina la ng'ala n'kusuzumira. Amayi, kunyansa kwake! Kofiirira ngati nsikidzi yokhuta. Mutu ndi chifuwa n'zomatana, khosi kalibe. Mimba kaiveka zikamba ziwiri zolimba, china pamwamba china pansi, ngati pali munthu amene angataye nthawi kukalasa. Maso asanu ndi limodzi, ounjikana pamphumi, pamene anzake ambiri ali nawo asanu ndi atatu. Awiriwo kanaiwala kuti, palibe akudziwa. Miyendo yokha ndiyo inakwana, ndipo Tadala amawerenga minga ya pamwendo uliwonse, akuti n'chimodzi mwa zodziwira kwawo kwa kangaude. Eti nawonso ali ndi mafuko: banja lalikulu, m'kati mwake mitundu, m'kati mwa mtundu timitundu. Zinthu zogona m'dzala, koma mibadwo yolongosoka kuposa yathu.

Ndinati, “Iwe mkazi wanga wamng'ono, ameneyu ndi wa kwa Phiri kapena wa kwa Mwale?”

Iye ali, “Agogo, ameneyu alibe dzina, palibe anamulembapo m'buku. Ndidzamutcha Nabanda, dzina la amayi anu.”

Ndinayamba ndakhala pansi. Inu, amene munkasesa mpaka nkhuku kusowa chotola! Inu amene munkati, “Fanuwelo, ndikaonanso ukonde pakona apo, tsache ili liyambira pamsana pako.” Ena amawatchulira misewu ndi masukulu. Inu mwapata kachilombo kamene munakapha ndi chidendene kambirimbiri osakaona.

Koma panali vuto. Onse amene anagwira anali aakazi, ndipo aphunzitsi ake anati popanda wamwamuna nkhani siinathe. Wamwamunayo ali ndi timanja tiwiri pafupi ndi kamwa, totupa ngati nkhonya, ndipo pepani amayi, umuna wake amanyamulira m'menemo. Mtundu uliwonse timanjato n'topangidwa mwakemwake, ngati makiyi. Osationa, sangavomereze kuti kangaudeyu ndi watsopano, ndipo Tadala sangamalize sukulu chaka chino. Anasefa, anasefa, mwamuna osaoneka. Ndinamuuza kuti asadabwe, n'za pamtundu: abambo nawonso anapita ku Joni kukagula bulangete, mpaka lero akusankha.

Ndiye tsiku lovundukula chiliza chanu linayandikira. Achibale a ku Dwangwa ndi a kuboma anayenera kudzadyera pamthunzi wa mangowo, popeza mthunzi wina pakhomo pano palibe. Esitere anatulukira ndi tsache ndi machesi.

“Achimwene, alendo a amayi adyere padzala? Chokanipo nditenthe.”

Tadala anamugwadira. Anati masamba akapsa akangaude apita, kuti aunjikanenso n'chaka china, ndipo sukulu siidikira. Esitere ali, “Kulirira nsabwe za m'dothi? Ukasefe kwa amuna ako.” Mwana anapita kuseri kwa nkhokwe, ndinamumva akufwenthera. Esitere mumamudziwa, anatengera inu. Mawu a munthu wamoyo samva.

Apa ndiye ndikuthokozeni pobwera kutulo. Munaima pamutu pa mphasa yanga mutavala nsalu yanu ya Lamulungu, n'kunena kuti, “Masamba a mango angawo, wowakhudza aonana nane.” M'mawa ndinakamuuza Esitere. Tsache linagwa lokha. Kenaka anafunsa kuti, “Amaoneka onenepa?” Paja munachoka mutatha thupi, ndipo wokusambitsani masiku otsiriza aja anali iyeyo. Ndinati onenepa zedi, masaya kuchita kuwala. Analira mlongo wanga, n'kubweza machesi m'thumba.

Alendo anadyera padzuwa, thukuta likugwera m'mbale. Ndinamva ndi makutu angawa mayi wina wa ku Dwangwa akuti, “Ana a Nabanda uve bwanji! Mayi wawo sanali wotero.” Ine ndili pampando pafupi ndi zinyalalazo, ndodo m'manja, kuingitsa nkhuku ndi ana a alendo. Ulemu wonse wa mwinimbumba unathera pomwepo.

Sabata yotsatira bwana wamwamuna uja anapezeka. Tadala anakuwa ngati walumidwa ndi njoka, ndinathamangira ndi ndodo. Nditasuzumira pamakina paja ndinalavula. Kochepa kuposa mkazi wake, miyendo ngati tsitsi la khanda, nkhonya zokha kutukumula ngati kali ndi mlandu ndi wina. Ndinakafunsa kuti, “Mbumba yonse yanyozeka chifukwa cha iwe?” Koma iko kanali kataledzera kale m'botolo. Tadala wabwerera kusukulu akuvina. Akuti dzina lanu aliika kamchira ka Chilatini ndipo lidzawerengedwa mpaka kunja kwa nyanja zamchere, ndi anthu enanso osowa zochita.

Tsopano amayi, tiyeni tinong'onezane. Za malotozo inu mukudziwa kale kuti simunabwere. Ndinapeka ndine, ndinagona bwinobwino mpaka tambala. Koma chonde, mukafuna kukamuyendera Esitere kutulo, musakandiulule, ndipo muyambe mwadya mokwanira. Chimvereni kuti munanenepa, akumayimba potsuka mbale.

Ndikulonjeza kuti mawa ndisesa bwalo lanu lonse mpaka kumsewu, ndi dzanja langa. Pansi pa mango pokha ndisiya. Pali anzanu a dzina.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene tsache lanu silinamuwongole,
Fanuwelo