Moya wa Baki ya Che Sadiki

Lolemba, 8 Julayi 2024

Kuzizira koopsa. Madzi a m'ndowa panja aundana pamwamba. Zala kukana sipanala mpaka naini koloko.

Masana kwabwera Hanifa kuno kugalaja ku Kroondal, akuyendetsa baki, pikapu ija, ya bambo ake, Che Sadiki. Eni ake ali mbali ya pasenja, chikhoti mpaka m'makutu, nkhope yapamaliro. Aneba anga ku Tlhabane, kwawo ku Namwera. Ndi amene anandisunga m'chipinda mwawo miyezi itatu nditangofika ku Joni ndilibe ngakhale bulangeti. Zimenezo sindiiwala.

Nkhani yake: dzulo m'bandakucha, popita ku swala, agunda geti ya mzikiti. Nyali imodzi phwa. Palibe wavulala. Iwo akuti buleki inalimba ngati mwala, anaponda ndi mphamvu zonse koma osamva. Hanifa akuti si buleki, ndi mwendo. Zaka 64, chifuwa cha mumgodi, kuwonda kumene awonda chaka chino. Makiyi wawalanda.

Wandikokera pambali. Akuti ndione bwinobwino. Likakhala vuto la galimoto, ndikonze. Ukakhala mwendo, baki igulitsidwe, bambo akwere basi. Ulendo wakumudzi ndi kumapeto kwa mwezi uno, wopitiratu. Zaka 29 osaponda kwawo. Ndipo Tlhabane yonse ikudziwa lumbiro lawo, kuti sadzatsika basi ndi chikwama pamutu ngati tchona wamba, adzalowa ku Namwera ali pachiwongolero.

Ndayesa zonse. Mafuta a mabuleki odzaza. Mapadi akadali ndi nyama. Ndazimitsa injini, kupopa pedulo mpaka kulimba, kenako kuliza phazi lili pompo. Pedulo yatsika bwinobwino, kusonyeza kuti busta, chimphika chija chimathandiza mwendo kuponda, ikukoka. Ndazungulira nayo mpaka msewu wa kumgodi. Ikuima ngati yatsopano.

Sindinathe kuwayang'ana m'maso.

Lachiwiri, 9 Julayi

Baki yagona kugalaja. Ndaigwira masana nditamaliza za abwana, itaothera dzuwa m'mawa wonse. Ndachotsa mpweya m'mapaipi a mabuleki, matayala onse anayi. Kungofuna kuoneka kuti ndagwirapo ntchito, chifukwa ngakhale wophunzira amadziwa kuti mpweya m'mapaipi umafewetsa pedulo ngati buledi, sulimbitsa. Ndayesanso. Palibe vuto.

Madzulo ndadzera kwawo. Ali pampando, hita pamapazi, tiyi wazizira osamwa. Akakwiya amasakaniza ndi chilankhulo cha mumgodi chija, Fanakalo. Ati: "Lyson, lo moya yena baleka. M'mawa uliwonse ndimaumva ndi makutu angawa ukuthawa." Kenako chifuwa, chachitali, mpaka misozi.

Baleka ndikudziwa, ndi kuthawa. Moyo ukuthawa. Munthu wamkulu kundiuza ine mwana kuti akudzimva kuti akutha. Mtima wanga unasweka. Ndawagwira dzanja, ndati Mulungu ndi wamkulu, musataye mtima bambo.

Andiyang'ana ngati ndaledzera.

Lachitatu, 10 Julayi

Ndamuuza Hanifa zonse. Kuti baki ili bwino, komanso zimene bambo ake ananena dzulo. Walira mwakachetechete, kupukuta ndi nsonga ya mpango. Si mwana woipa. Ndi amene amawaperekeza kuchipatala, ndi amene amachapa. Akuti akagunda mwana wa munthu pamsewu wa ku Tete, mlandu udzakhala wa ndani? Akunena zoona.

Wapeza kale wogula, bambo wina wokonza maluwa m'nyumba za ku Cashan. Abwera Loweruka masana.

Che Sadiki ndakumana nawo pampopi. Moni ayankha, koma wa mlendo. Ati: "Zikomo amakaniko." Chiyambire sananditchulepo choncho.

Nsima yandikanika.

Lachisanu, 12 Julayi

Ndine chitsiru. Ndilembe kuti ndidzakumbukire: chitsiru chokhala ndi satifiketi.

Lero paipi ya kompuresa yaphulika kugalaja, phokoso psiii bwalo lonse. Madala wa matayala, nayenso wakale mumgodi, akukuwa kuchokera uko: "Vala lo moya! Vala lo moya!" Tseka mpweya. Ndinaima chilili, sipanala m'manja.

Moya. Osati moyo. Mpweya.

Zaka zisanu ndi zinayi ku Joni, mawuwa ndimawamva tsiku ndi tsiku, koma poti anatuluka m'kamwa mwa munthu wa kwathu, wodwala, khutu langa linathamangira Chichewa. Che Sadiki samalira za moyo wawo. Amandiuza matenda a galimoto. Munthu anagwira zaka makumi awiri pamakina obowola mwala oyendera mpweya, angamve kudontha kwa mpweya ngakhale pakati pa phokoso la pansi. Ine nkumuuza kuti Mulungu ndi wamkulu!

Ndiye china. Iwo amailiza baki faifi koloko m'mawa, chisanu chili gwa, chifukwa cha swala. Ine ndayesa kawiri konse masana, injini yotentha kapena itaothera dzuwa. Ndi liti Mpresibateriya ngati ine anaonapo faifi koloko mwezi wa Julayi? Paja amati mawu a akulu amakoma akagonera. Nayo galimoto imafunika igonere.

Ndabwera nayo ku Tlhabane, ndaiimika panja penipeni. Ndapempha Hanifa andipatse m'mawa umodzi wokha. Wavomera monyinyirika.

Loweruka, 13 Julayi

Faifi koloko. Galasi loyera ndi chisanu, ndapala ndi chivundikiro cha bokosi la nkhomaliro. Ndaliza, ndaponda.

Njerwa. Mwendo wanga wa zaka 34, wosewera mpira Lamlungu lililonse, walephera kuitsitsa. Ndinachita kugwira chiwongolero ndi manja onse nkudzikankha. Apa ndi pamene nkhalamba inalimbana napo yokha mumdima, geti ikubwera, ife nkumati ndi mwendo. Manyazi andigwira.

Che Sadiki atuluka atafunda bulangeti, kofia kumutu. Andilozera kuti nditsegule boneti, kenako chala pakamwa. Ine kumva injini basi. Iwo apendeketsa mutu, ang'amba kapulasitiki ka pepala la buledi, nkumakayendetsa pang'onopang'ono m'mbali mwa paipi yochokera ku injini kupita ku busta. Pofika pa kavalavu polowera m'busta, kapulasitiki kaja phatu, kamamatira kokha.

Kalabala kozungulira valavu. Kakalamba, kang'aluka. Kukazizira kamauma gwa, mng'alu nkuyasama, mphamvu yokoka ya injini yonse nkumathera pamenepo, busta nkukhala ngati palibe. Injini ikatentha kamafewa nkudzitseka kokha, nkumanamiza amakaniko a masana. Kunena zoona mpweyawo sumathawa, umalowa. Koma ndine ndani kuti ndiwakonze mawu lero?

Ndamudzutsa Hanifa. Ndati usandikhulupirire ine, ponda wekha. Waponda kamodzi, kawiri. Pedulo osatsika. Kenako walowa m'nyumba, watuluka ndi makiyi ena aja anawabisa, wagwada pa simenti yozizirayo nkuwapatsa ndi manja awiri. Iwo angoti: "Dzuka mama, uzizidwa."

Swala yawadutsa lero chifukwa cha ine. Ndapepesa, ndawafotokozeranso za moya ndi moyo. Aseka mpaka kutsamira boneti, chifuwa nkuwadula.

Labala, valavu ndi paipi yomwe ndasintha zonse. Kanthu kochepa ngati mphete, kakanagulitsitsa galimoto. Wa ku Cashan wauzidwa kuti asavutike.

Lolemba, 15 Julayi

Faifi koloko kachiwiri, ndizolowera. Chisanu kuposa Loweruka. Pedulo yofewa bwino, yogwira pamwamba.

Ayendetsa okha kupita kumzikiti, ine pambali. Pageti yomwe ija, yopindika mpaka pano, aimika kutatsala chikhatho chimodzi. Dala. Atsitsa galasi kuti anzawo onse aone amene ali pachiwongolero. Ndinasangalala ngati baki ndi yanga.

Ndawadikira m'galimoto. Kuchokera pageti kukafika pakhomo la mzikiti ndi mapazi makumi atatu mwina. Aima kawiri, dzanja pakhoma, ngati akukonza nsapato.

Nsapato zake ndi patapata.

Lachinayi, 25 Julayi

Katundu wamangidwa kale. Malata asanu ndi limodzi, njinga, matiresi, makina osokera a alongo awo. Anyamuka Lolemba. Hanifa sangachoke, ntchito. Adzawatsatira Disembala.

Madzulo ano andiitana, Hanifa atapita kukagula mafuta ophikira. Andikhazika pabedi. Ati amangofuna tidziwe kuti sananame, kuti pageti paja unali moya, ndipo tadziwa, mtima wawo wakhala pansi. Kenako atenga dzanja langa, aikamo makiyi, nkulifumbatitsa.

"Koma khutu lako lija silinalakwe kwenikweni, mwanawe. Masiku atatu pamsewu sindingathe. Undifikitse pamlatho wa pa Mangochi. Kuyambira pamenepo usandigwirire, phiri la ku Namwera ndikwera ndekha."

Ati Hanifa ndimuuze kuti ndikungopita kukayang'anira mabuleki.

Ndabwerera kuchipinda kwanga, makiyi m'manja. Ndikuwamva kuseri kwa khomali akutsokomola.

Ine ndemwe zaka zisanu ndi zinayi osaponda kwathu. Amayi ku Ntcheu anasiya kufunsa kuti ubwera liti, amangofunsa ngati kukuzizira. Msewu wake ukadutsa pa Balaka, kwathu ndi pafupi pomwepo. Pasipoti ili m'sutikesi pansi pa bedi, sindikudziwa ngati ikadali ndi masiku. Makiyi ali apa patebulo, pambali pa kalabala kong'aluka kaja ndinasunga.

Ndakoka sutikesi. Mawa m'mawa ndikawauze abwana kuti Lolemba ndikupita kumudzi.