Mphanje ya Thonje

12 Ogasiti 1973
Mlangizi wabwera pa njinga kuchokera ku Chinguluwe. Akuti thonje lakwera mtengo, chaka chamawa likweranso. M'mudzi monse nkhani ndi yomweyo. Amuna anga a Lenard akuti munda wathu wachepa, akaswa mphanje kunkhalango. Akufuna malata. Ndangoti chabwino.

19 Ogasiti
Nkhwangwa kuyambira mamawa. Ndinakawaperekera thobwa. Malire awo akuyambira pachulu mpaka kukhwawa. Bwemba uja ali m'kati.

Patsinde pa bwemba ameneyo ndi pamene pagona mwana wanga wa chaka chatha. Anabadwa osalira. Anakamuika akazi okhaokha, monga mwa mwambo, ndipo azakhali a Agnes anadzandilozera malowo nditachira. Mwamuna sauzidwa. Dzina ndinamutcha chamumtima: Rute.

2 Seputembala
Ndafunsa azakhali. Akuti, "Mwana wotere alibe manda, mwanawe. Ukamuuza mwamunayo wadzitsekera wekha mimba."

Ndayesa njira ina. Ndapempha a Lenard asiye bwembayo kuti tizipumira pamthunzi polima. Aseka. "Thonje silifuna mthunzi, Edina."

Palibe chomwe alakwa. Chikundiwawa n'chimenecho.

21 Seputembala
Bwemba wagwa lero. Ndinamva ndili kuchitsime. Ndowa ndinaisiya komweko.

14 Okutobala
A Lenard atentha mphanje. Anansi athu a Pitala atentha kwawo, a Stanley kwawonso. Utsi tsiku lonse, phulusa mpaka m'madzi akumwa. Anyani athawira kuphiri. Ukaima pakhomo tsopano ukuona msewu wa ku Salima, malole ndi fumbi lake. Nkhuni tizikatola kuti, palibe wafunsa.

Sopo watha. Mchere wotsala ndi wa lero lokha.

9 Disembala
Mvula yagwa. Tikupanga mizere, khasu langa linafika pachitsa chija.  Ndinangokhala pansi n'kuyamba kulira ngati mwana.

Ndawauza a Lenard. Zonse, ndi dzina lomwe.

Anatembenukira kuchitsako atagwira mpini. Kenako, "Ndatentha mwana wanga ine?" Ndati ayi, ali pansi ndithu, moto sunamufike. Anavula malaya awo n'kufunditsa chitsacho. Chakudya sanadye.

16 Disembala
Pachitsa sanabzalepo. Azinga ndi minga. Anthu akufunsa, iwo akungolima.

3 Malichi 1974
Kupopera mankhwala. Mpope wangongole, mankhwala angongole. A Lenard akutsokomola. Salankhulanso za malata. Akafika kumunda amayamba aima pachitsa, kenako ntchito.

28 Julaye
Kumsika wa thonje. Mzere wautali, kadi yachipani m'manja. Lathu lambiri aliika m'gulu lachiwiri, akuti ndi lakuda. Atachotsa ngongole chotsala n'chochepa: bulangete limodzi, mchere, sopo. Kukwera kuja sitinakuone.

4 Ogasiti
Amuna anakumana kwa a Pitala. Akuti popeza thonje silikulipira, munda uyenera kukula kuti munthu apezepo kanthu. Chaka chatha anadula chifukwa lakwera. Chaka chino adula chifukwa silinakwere. Aloza tsidya la khwawa, kumene kwatsala mitengo.

A Lenard akana. Ena onse akunola nkhwangwa.

11 Ogasiti
Mwana wagunda m'mimba lero, ndikupeta mphale. Kawiri. Sindinauze munthu, ngakhale azakhali.

Ndiyenera kukondwa. Koma ndaima pakhomo, ndayang'ana uku ndi uku, zitsa zokhazokha. Ambuye, uyu yekha abadwe akulira. Chifukwa akapanda kulira, akazi aja akamubisa kuti?